Mulungu akamuitana munthu ku umishoni zimakhala bwanji? Tione za William Koyi

Mawu oti "Mulungu wandiitana" masiku ano akumveka paliponse, pa Facebook, m'magulupu a WhatsApp, m'minibasi, pamaliro pomwe, moti anthu ambiri sakudziwanso kuti kuitanidwako nchiyani kwenikweni. Ena akuona ngati munthu woitanidwa ndi yekhayo amene analota maloto kapena anamva mawu usiku akumutchula dzina, nde pali achinyamata ambiri m'mipingomu amene mtima wotumikira ali nawo ndithu koma angokhala phee kudikira chizindikiro chomwe mwina sichidzabwera. Kwinaku kuli ena oti lero wayambana ndi abusa ake, mawa wabwereka kalasi pasukulu ya pulayimale, wagula sipika, basi wayamba utumiki wake ndipo ukamufunsa akuti ndaitanidwa, Mulungu apereka. Onsewa akutchula zinthu ziwiri zomwezo, maitanidwe ndi kudalira Mulungu, koma akutanthauza zosiyana kwambiri, ndipo ine zimandikhudza chifukwa amene amapwetekeka pamapeto pake ndi nkhosa komanso mabanja a atumikiwo.

M'Baibulo momwemo njira si imodzi. Mose anaona chitsamba chikuyaka, Yesaya anaona masomphenya m'kachisi, Paulo anagwa pansi panjira ya ku Damasiko, ndipo nkhani izi ndi zomwe timazikonda polalikira. Koma Timoteo sanaone chilichonse chotere. Pa Machitidwe 16 timangomva kuti abale a ku Lustra ndi ku Ikoniyo ankamuchitira umboni wabwino, Paulo atafika nkunena kuti mnyamata uyu ndipita naye. Paulo yemweyo, ndi masomphenya ake onse aja, sanangonyamuka yekha ulendo wake woyamba wa umishoni, anakhala kaye zaka, kenako Barnaba anakamutenga ku Tariso kuti adzathandize kuphunzitsa ku Antiokeya, ndipo pa Machitidwe 13 ndi mpingo wa ku Antiokeya umene unasala kudya, kupemphera, kuwasanjika manja nkuwatumiza. Nchifukwa chake aphunzitsi a mipingo yakale amati maitanidwe ali pawiri, pali za mumtima zimene amazidziwa mwiniwake ndi Mulungu wake, ndiye palinso za kunja, pamene mpingo ukuona munthuyo nkuvomereza kuti eya, uyu titha kumutuma. Chimodzi chikasowa pamakhala vuto.

Kuti zimveke bwino ndi bwino tione munthu weniweni, William Koyi, mmishoni wakuda wa ku South Africa amene anayenda m'dziko lathu lino, osati kungokamba za m'mutu.

David Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ku Zambia ya masiku ano, mtembo wake unakaikidwa ku London mu 1874, ndipo Dr James Stewart, mkulu wa sukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa, anapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti uyambitse mishoni kunyanja yathu ino pokumbukira Livingstone. Gulu loyamba linafika ku Cape Maclear mu Okutobala 1875 pa kasitima kotchedwa Ilala, kamene anachita kukamasula zidutswazidutswa nkukanyamulitsa anthu mazanamazana pamutu kuti adutse mathithi a mu Shire. M'gulumo munali Robert Laws, mnyamata wa zaka 24 wa ku Aberdeen ku Scotland, amene anadzakhala mtsogoleri wa mishoniyi. Koma Stewart ankadziwa kuti azungu okhaokha sangapite patali, chilankhulo sakuchidziwa, miyambo sakuidziwa, nde mu 1876 anaimirira pamaso pa ophunzira a ku Lovedale nkufunsa kuti ndani angadzipereke kupita nawo kunyanja. Anadzipereka 14, anasankhapo anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Onse anali Axhosa.

Taonani mmene maitanidwe ake anabwerera, panalibe bingu kapena loto, kunali kumva kuti kwinakwake kukufunika anthu, mkulu wa mpingo nkufunsa pagulu, munthu nkuona mumtima mwake kuti sangakhale chete. Ndipo si onse odzipereka amene anapita, 10 anatsala, kutanthauza kuti mpingo unali ndi mawu pa nkhaniyi.

Mwa anayiwo Koyi ndi amene anali wotsalira pa za sukulu. Anabadwa mu 1846, anakula akugwira ntchito za manja, kuyendetsa ngolo za ng'ombe, kenako ntchito zina cha ku Port Elizabeth, ndipo ku Lovedale anapitako ali kale bambo wamkulu wa zaka za m'ma 20, kukakhala m'kalasi ndi ana omuchepera. Podzipereka ananena yekha kuti maphunziro ake ndi ochepa, kuti iye ali ndi theka chabe la talente, koma ali wokonzeka kupita olo kukakhala wotema nkhuni ndi wotunga madzi. Anzake aja anali ndi zowayenereza zooneka, Mngunana anali mphunzitsi wabwino, Wauchope anali mnyamata wanzeru kwambiri m'kalasi, Ntintili anali mmisiri wa matabwa. Zomwe zinachitika nzoti Wauchope anadwala kwambiri ulendo usanapite patali moti anamubweza kwawo, Mngunana anaphunzitsa pang'ono ku Cape Maclear nkumwalira mu 1877, Ntintili anagwira ntchito yotamandika, anathandizanso mishoni ya Blantyre pamene inali kuvutika, kenako anabwerera kwawo mu 1880. Amene anakhala mpaka mapeto ndi uja wa theka la talente.

Apa pali chinthu chimene ndimafuna achinyamata achimve. Wauchope sanali wolephera. Atabwerera anadzakhala mbusa komanso mlembi wodziwika pakati pa Axhosa, ndipo anamwalira mu 1917 pamene sitima ya Mendi inamira ikupita ndi anthu akuda ku nkhondo ya ku Ulaya, iye ali m'gulumo. Munthu atha kudzipereka ndi mtima wonse, mpingo nkumuvomereza, koma thupi nkukana, khomo nkutsekeka, ndipo izi sizitanthauza kuti ananama kapena kuti Mulungu wamutaya. Paulo naye pa Machitidwe 16 ankafuna kulowa ku Asiya ndi ku Bituniya koma analetsedwa, mpaka anakathera ku Makedoniya kumene sanakukonzekere.

Chimene chinamupanga Koyi kukhala munthu wofunika chotere ndi chinthu chomwe iyeyo sanachiwerengere nkomwe ngati mphatso, chilankhulo cha kwawo. Angoni anachoka kumwera motsogozedwa ndi Zwangendaba, anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pamene amishoni amafika akuluakulu a Angoni anali akulankhulabe Chingoni chomwe nchapafupi kwambiri ndi Chizulu ndi Chixhosa. Nde Laws atayamba maulendo okakumana ndi mafumu a Angoni, kwa Chikusi mu 1878 ndi kwa Inkosi M'mbelwa mu 1879, amene ankamvana nawo mwachindunji anali Koyi. Ankadziwa mmene umalowera pabwalo la mfumu, mmene umalonjerera, nthawi yoyankhula ndi nthawi yokhala chete, zinthu zoti mzungu akanaphonya tsiku loyamba lomwe. Angoni anamutenga ngati mmodzi wa iwo ndipo ankamutchula Mtusane. Zaka zonse zija zoyendetsa ngolo ndi kukhala pakati pa anthu wamba, zimene iye ankaziona ngati kutsalira, ndi zomwe zinagwira ntchito ku Ungoni.

Tsono za kudalira Mulungu. Anthu ambiri akamati ndikudalira Mulungu amatanthauza kuti zinthu ziyenda, ndalama zipezeka, tchalitchi chidzadza. Tiyeni tione zimene Koyi anapeza. Mu 1882 anakakhazikika ku Njuyu, kufupi ndi phiri la Hora ku Mzimba, ndipo kwa nthawi ndithu anali yekhayekha wa mishoni pakati pa Angoni. Nthawi imeneyo Angoni anali pa udani ndi Atonga a kunyanja amene ambiri anathawa mu ulamuliro wawo, ndipo mishoni inali itakhazikika ku Bandawe pakati pa Atongawo, nde mafumu a Angoni ankafunsa kuti inu mukuti ndinu abwenzi athu bwanji mukukhala ndi anthu amene anatithawa? Ankafuna mishoni yonse isamukire kwa iwo. Koyi ndi amene ankakhala pakati pa mkangano umenewu tsiku ndi tsiku, magulu a nkhondo akudutsa pafupi ndi nyumba yake ndi zishango ndi mikondo, iye osadziwa kuti msonkhano wa madoda ukatha bwanji. Choipitsitsa kwa munthu amene anabwera kudzaphunzitsa, mafumu anakana kuti atsegule sukulu, poopa kuti ana akaphunzira za Mulungu ameneyu adzakana kupita kunkhondo ndipo mtundu udzafooka. Ankaloledwa kupemphera ndi kulalikira pang'ono pamudzipo basi. Anyamata ochepa amene ankafuna kuphunzira ankabwera mozemba usiku.

Chaka chinatha, china nkutha, chinanso, palibe sukulu, palibe wobatizidwa ndi mmodzi yemwe. Anabwera omuthandiza, George Williams wochokeranso ku Lovedale, James Sutherland wa ku Scotland amene anamwalira konko mu 1885, ndi Dr Walter Elmslie amene anafika chaka chomwecho. Kumayambiriro kwa 1886 mvula inavuta, Angoni anayesa njira zawo zonse za makolo osaphula kanthu, nkupita kwa amishoni kuti tapempherani kwa Mulungu wanuyo. Mapemphero anachitika, mvula inagwa, ndipo patapita miyezi yowerengeka M'mbelwa ndi madoda ake analola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unamupeza Koyi ali chigonere, akudwala, ndipo anamwalira mu Juni 1886 ali ndi zaka pafupifupi 40. Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, anabatizidwa mu 1890, Koyi atagona kale m'manda zaka zinayi. Mawelera uyu ndi amene anadzapeka nyimbo zambiri za Mulungu m'mayimbidwe a Chingoni. Mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889, kenako Hora ndi Embangweni, ndipo pofika nthawi ya mmishoni wina, Donald Fraser, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anthu ankasonkhana zikwizikwi pamisonkhano ya chiyanjano. Zonsezi Koyi sanazione.

Ine ndikaiganizira nkhani imeneyi ndimaona kuti kudalira Mulungu kwa Koyi kunali kudzuka mmawa uliwonse nkupitanso kubwalo kukakhala ndi anthu omwe akukana zimene wabweretsa, kuwalemekeza, kumva milandu yawo, osawatukwana kuti ndi achikunja, osathawa, komanso osanama m'malipoti kuti zinthu zikuyenda. Yesu pa Yohane 4 ananena kuti wofesa ndi wina wokolola ndi wina. Munthu amene akuyeza maitanidwe ake ndi kuchuluka kwa anthu Lamulungu kapena kukula kwa chopereka akanakhala ku Njuyu akanalongedza chaka choyamba, kapena akanayamba kupanga zozizwitsa zabodza kuti anthu abwere, ndipo zachiwirizi tikuziona ndi maso masiku ano.

Koma pena anthu amapita mbali inayo, nkumati wodalira Mulungu sasintha pulani, samwa mankhwala, sawerengera za mawa. Mbiri ya mishoni yomweyi ikukana zimenezo. Ku Cape Maclear anakhalako zaka zoposa zisanu, malungo anapha amishoni angapo kuphatikizapo dokotala William Black, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Laws sananene kuti Mulungu anatiika pano nde tifere pompano. Anasamutsira likulu ku Bandawe mu 1881, ntchito ya ku Cape Maclear nkumusiyira Namalambe, ndipo Bandawe itaonekanso kuti malungo ndi ambiri anakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894, komwe kuli Livingstonia lero. Laws yemweyo asanabwere anaphunzira ukalipentala, zaumulungu ndi udokotala, ankamwa kwinini, ndipo anakhala m'dziko muno mpaka 1927. A Anglican nawo anayamba ku Magomero mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie nkumwalira mu 1862, mishoni nkubwerera mpaka ku Zanzibar, ndipo anthu ambiri anati zakanika, koma anadzabweranso kudzera kunyanja nkukhazikika pa Likoma mu 1885. Ansembe achikatolika a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 nkuchoka, kudzabweranso mu 1902 ku Mua. Kubwerera m'mbuyo, kusamuka, kudikira, zonsezi zinali mkati mwa kudalira Mulungu komweko. Yesu mwini pa Luka 14 anati munthu wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi nkuwerengera mtengo wake.

Nkhani ya ndalama ndi imene imavuta kuikamba m'mipingo mwathu chifukwa ukangoyamba amati ulibe chikhulupiriro. Koma Koyi sanapite chimanjamanja, anatumidwa ndi mpingo umene unkamulipira, olo kuti malipiro a amishoni akuda anali otsika poyerekeza ndi a azungu, ndipo ichi chinali cholakwika chimene sitiyenera kuchibisa. Sanadzozedwe ubusa mpaka imfa yake, ndipo kwa zaka zambiri mbiri ya Ungoni inkakambidwa ngati ya Elmslie ndi Fraser, Koyi nkumangotchulidwa podutsa ngati womasulira. Paulo nthawi zina ankasoka mahema ku Korinto kuti adzidyetse, nthawi zina ankalandira thandizo kuchokera ku Filipi, ndipo sanachite manyazi ndi chilichonse mwa ziwirizi. Chimene sanachite ndi kusandutsa anthu osauka munda wake. Nde munthu akati ndasiya ntchito, Mulungu wandiitana, mafunso oti mkazi wako wavomera, ana adya chiyani, fizi ichokera kuti, akukutuma ndani ndipo ukalakwitsa adzakudzudzula ndani, si mafunso a satana ayi, ndi mafunso achikondi. Ndaonapo mayi wina mkazi wa mlaliki akugulitsa tomato ndi makala pamsewu kuti banja lidye, bambo ali kuphiri sabata yachitatu kusala kudya, ndipo mpingo umene ankautumikira sunkadziwa nkomwe kuti kunyumbako ufa unatha. Pamenepo amene akusenza maitanidwewo ndi mayiyo, ndipo palibe anamufunsa.

Ichi nchifukwa chake mipingo yakale inaika njira zimene achinyamata ena amaziona ngati zochedwetsa Mzimu. Ku CCAP munthu amayamba wadziwika kumpingo kwawo, nkhani yake imadutsa ku seshoni, ku presbitale mpaka ku sinodi, kenako sukulu ya zaubusa monga ku Zomba kapena ku Nkhoma, nkudzayesedwanso pa ntchito asanadzozedwe. Kwa Akatolika mnyamata amatha zaka zambiri ku seminale, monga ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, ndipo akhoza kuuzidwa panjira kuti njira yako si iyi. Njirazi zili ndi zofooka zake, pena pamalowa tsankho, pena kukondera kwa akuluakulu, ndipo alipo anthu oitanidwa ndithu amene anakanidwa pazifukwa zosamveka, makamaka amayi amene kwa zaka zambiri khomo linali lotsekeka kwa iwo. Komabe mfundo yake njolondola, yoti mtima wa munthu utha kumunamiza, ndipo ndi bwino anthu ena amene akukudziwa, amene anakuona utakwiya, utagwira ndalama za mpingo, uli ndi ngongole, anenepo mawu. Pa 1 Timoteo 3 zoyenereza woyang'anira mpingo pafupifupi zonse ndi za khalidwe, kudziletsa, kusakonda ndalama, kusamala banja, mbiri yabwino kwa akunja. Za masomphenya mulibemo.

China chimene timaiwala nchoti umishoni sunali wa azungu okha kubwera kuno, makolo athu nawo anatumidwa ndipo anapita. Harry Kambwiri Matecheta, Myao wa ku mishoni ya Blantyre, anatumidwa mu 1893 kukagwira ntchito ku Nthumbi pakati pa Angoni a ku Ntcheu, anthu oti kwawo ankawaopa, ndipo anadzakhala mmodzi mwa abusa awiri oyamba akuda a Blantyre mu 1911 limodzi ndi Stephen Kundecha. David Kaunda anachoka ku Livingstonia kupita ku Chinsali pakati pa Abemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ntchito yake ndi imene inabala mishoni ya Lubwa, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera kunyanja, anasiya Nkhotakota kupita ku Msoro kum'mawa kwa Zambia komwe anamwalira mu 1913 atagwirako ntchito zaka zochepa chabe, ndipo koleji ya zaumulungu ya Anglican ku Zomba ili ndi dzina lake. A Dutch Reformed amene anayamba ku Mvera mu 1889 sakanafika ku Magwero, kum'mawa kwa Zambia, mu 1899 popanda aphunzitsi ndi alaliki akuda amene ankatsogola, ndipo mpingo umene lero ndi Sinodi ya Harare unayamba chifukwa anthu a kwathu kuno ogwira ntchito ku Salisbury, Harare ya masiku ano, anapempha okha kuti atumiziridwe mbusa, T.C.B. Vlok nkupita mu 1912.

Lero njira zomwezo zilipobe, kungoti sizikuoneka ngati umishoni. Sinodi ikamutumiza mbusa wachinyamata kumpingo wa kumudzi kwenikweni komwe netiweki amakaipeza pachulu, nthambi zili 12 ndipo njinga ndi imodzi, ambiri amaona ngati chilango nkuyamba kuyenda m'maofesi kuti awasinthe apite m'tauni. Madera ngati a m'malire a Mozambique, midzi ya m'mbali mwa nyanja, misasa ya anthu othawa kwawo ngati Dzaleka, ndende, zipatala, konseko kukufunika anthu oti akakhale, aphunzire chilankhulo, adye zimene eni ake akudya. Ndiye pali abale athu ali ku Johannesburg, Cape Town, Leeds kapena Dublin amene anapita kukasaka ganyu koma apezeka akusonkhanitsa anzawo Lamulungu m'galaja kapena m'holo yobwereka, kuyendera odwala, kusonkhetsa ndalama zotumizira maliro kumudzi. Ambiri mwa iwo palibe mpingo umene unawatuma kapena umene ukuwayang'anira, nde akatopa kapena akasochera alibe wowagwira dzanja, ndipo masinodi ndi madayosizi akumudzi akuyenera kuwafunafuna anthu amenewa, kuwaphunzitsa olo pa intaneti pomwe, ndi kuwapatsa mbusa woti aziyankha kwa iye.